A Fyson Oluma Gitala

Ku Tsangano mukafunsa za a Fyson Nzunga, anthu sayamba ndi mbatatesi zawo, ngakhale amalima zoti matumba amachita kuperewera. Amakuuzani kuti ndi bambo ogontha amene amaimba gitala, kenako amakuyang'anani kuti aone ngati mwakhulupirira. Ambiri sakhulupirira, ndipo palibe chowadzudzulira. Munthu woti mphenzi ikagwa pamtengo wa pakhomo amangoona nkhuku zikubalalika n'kufunsa kuti kwagwanji, angadziwe bwanji kuti nsambo iyi yakwera, iyi yatsika? Komatu pamaliro, paukwati ndi m'tchalitchi, gitala yawo sinkasemphana ndi nyimbo. Ena ankati anabwera ndi mankhwala a ku Joni. Ena ankati ndi mphatso ya Mulungu basi. Wodziwa zoona anali mmodzi yekha, mkazi wawo Loyce, amene mudzi wonse umamuitana ndi mfunda wake kuti Nangozo, ndipo iyeyo anasoka pakamwa.

A Fyson anapita ku migodi ya ku Joni ndevu zikungomera kumene, monga ankachitira anyamata ambiri a kuno masiku amenewo. Pansi pa nthaka anawapatsa makina obowola mwala, chinthu choti chikayamba kulira, mnzako ali pambali pako umangoona milomo ikugwedera. Anabwerako ndi jekete lolemera, mabulangete, gitala, ndi kaphokoso ka m'makutu kosatha ngati nyenje m'chilimwe. Nangozo amanena yekha kuti anakopeka ndi gitalayo kaye, mwini wake pambuyo. Naye mawu anali nawo, otsika, ofunda, oti akayambitsa nyimbo kumanda ngakhale adzukulu amaimika makasu. Anakwatirana, ndipo kuyambira pamenepo kumene kwaitanidwa gitala kunkapitanso mawuwo.

Makutuwo sanafe tsiku limodzi. Anayamba kutaya kulira kwa mbalame, kenako mawu a ana, kenako a amayi. Belu la kutchalitchi ndi limene linatsanzika pomaliza. Ndiye anthu mukuwadziwa, amatopa msanga ndi kukuwa. Moni anasanduka wa dzanja. Pabawo anzawo ankangowasekerera, nkhani n'kumakambirana okhaokha. Mawu a a Fyson eni ake anakula, poti munthu wosadzimva sadziwa muyeso. Akati anong'one, amamva ndi a kutsidya la dambo.

Njira anaitulukira mwangozi. Tsiku lina akusintha nsambo, manja onse atatanganidwa, analuma mutu wa gitala kuti isagwe, chala n'kukhudza nsambo yaikulu. Mawu analowera m'mano, kudutsa m'nsagwada, n'kukalira m'mutu mwawo momwe munali mutakhala zii. Nangozo anawapeza atakhala pansi, gitala ili kukamwa, misozi ikutsika, iwo akungoikhudza nsamboyo mobwerezabwereza. Koma kumva gitala n'kwina, kudziwa poiimika n'kwinanso. Gitala imachunidwa kuti igwirizane ndi woimba, ndipo woimbayo iwo sankamumva. Anaganiza pang'ono, anadzuka, anatseka chitseko dzuwa likuswa mtengo.

"Nangozo, tembenukani."

Nangozo anakhala pamphasa atawafulatira. Iwo anagwada kumbuyo kwake n'kutsamiritsa chibwano pakati pa mapewa ake.

"Imbani."

Anakoka mawu amodzi aatali, oyambira nyimbo. A Fyson anawamva m'mafupa. Analuma gitala, kupotoza kiyi, kubwerera pamsana, kulumanso, mpaka mawu a mkazi ndi a nsambo anakhala chinthu chimodzi. Nsambo zinazo zinatsatira yoyambayo. Mankhwala a ku Joni amene anthu ankanena aja anali amenewa.

Nangozo sanauze munthu, ngakhale mwana wake. Kuno mwamuna ndi mkazi wake sagwirana pagulu. Popita kutchalitchi bambo amakhala patsogolo, mayi m'mbuyo, akafika aliyense mbali yake. Iye ndi mayi wa mvano, mlangizi wa atsikana okalowa m'banja, wowauza kuti za kuchipinda sizituluka pakhomo. Akanayambira pati kufotokoza? Komanso panali china chimene sankafuna kugawana ndi wina aliyense. Padziko lonse lapansi, pamsana pakepo ndi pokhapo pamene mwamuna wake ankamvabe mawu ake. Nthawi zina ankadziwa bwinobwino kuti nsambo zakhala kale m'malo, koma a Fyson ali pomwepo, chibwano pamsana, mpweya wawo ukufunda m'khosi mwake. Iye ankangopitiriza kuimba ngati sakudziwa kanthu.

Gitala ya ku Joni inakalamba nawo. Mutu wake unali zipsera za mano zokhazokha ngati chitsononkho chokukutidwa ndi mbewa. Khosi lake analimata kangapo ndi guluu wa kalipentala. Dzinja lapitali chinyezi chinalowa m'thabwa, khosilo linang'ambika kotheratu, ndipo kalipentala atangoiona anapukusa mutu n'kuibweza.

Nyumba inazizira. A Fyson ankapita kudimba, kubwerako, kudya, n'kukhala pakhonde maso ali ku mapiri a ku Mozambiki. Chitseko sichinatsekedwenso masana. Nangozo ankalankhula nawo ndi manja za madzi osamba, za mbuzi, za feteleza. Zina zonse zinalibe podzera. Mwina mungati, bwanji sanangowauza kuti bwerani mudzatsamire? Anthu akuluakulu sapemphana zoterozo popanda chonamizira, ndipo chonamizira chawo chinali chitathyoka khosi. Miyezi inadutsa mwamuna wake asanamve mawu ake, ndipo Nangozo zinkamuwawa kuposa mmene zinamuwawira pamene makutuwo ankafa.

Mwana wawo Tisungane, amene amasoka zovala ku Lilongwe, anatumiza kangachepe pafoni kuti aphatikize ndi ndalama za mbatatesi n'kugula gitala ina.

"Amayi, musagule yachikale," anatero pafonipo. "Pali zina masiku ano, zimalira pazokha ngati ija, koma mukafuna mumalumikiza ku sipika ya kutchalitchi. Sikuti zonse n'zodula ayi. Ndiye pambali pake pamakhala kagetsi. Nsambo ikakhala bwino kamayaka kobiriwira, ikalakwika kofiira."

"Kagetsi kakumva?"

"Eetu, amayi. Abambo azingoyang'ana ndi maso, makutu osafunika. Azichuna okha."

Nangozo anathokoza monga mayi ayenera kuthokozera. Atadula foni anakhala pamtondo nthawi yaitali. Anazizwa ndithu kuti anthu afika popanga kagetsi kokhala ndi khutu. Koma pansi pa kuzizwako panali mantha. Ngati kagetsi kazimva m'malo mwa a Fyson, msana wake udzakhala wa chiyani? Anadziseka yekha, mayi wamkulu, wa imvi, kuchitira nsanje kagetsi ngati mkazi wachiwiri! Kuseka anasekadi, koma za kagetsiko sanawauze amuna ake.

Tsiku la msika kunacha ndi chifunga, kuzizira kwa ku Tsangano koluma zala. Awiriwo anapita kwa Chrispin, wamalonda amene amatenga katundu ku Joni kudzera ku Tete, masola, mafoni, masipika ndi zina zoyendera batire. Magitala anali atawapachika pamtanda wa benchi lake. Ya kumapeto, yakuda, Nangozo anangomva mtengo wake n'kuyang'ana kumbali ngati sanafunse. Zokwanira thumba lawo zinali ziwiri. Ina inali yofiira, yatsopano, yonyezimira yoti mungadziyang'anirepo. Inayo inali ya kaunjika, yotuwa, yokandika pamimba.

Chrispin sanachedwe. Anatsitsa yofiirayo, kulowetsa chingwe, kukweza sipika, n'kukwapula nsambo zonse pamodzi. Phokoso linagwedeza malata, anthu n'kuyamba kusendera.

"Mwaimva imeneyo, mayi? Tchalitchi chonse chidzadzuka!"

A Fyson anayang'ana chingwecho, kenako anayang'ana Chrispin.

"Zulani chingwecho, achimwene!" anatero ndi mawu awo a kutsidya aja. "Sipika ili ngati ankhoswe, siinena zoipa za mwana wawo. Ndimve kaye mwini wake."

Anthu anaseka, poti ankawadziwa. Bambo ogontha akuti amve! Iwo anainyamula gitalayo, kutsinzina diso limodzi n'kuyang'ana m'khosi mwake monga ayang'anira mzere wa m'dimba ngati wawongoka. Anadina nsambo cha pakati kuti aone ngati zatalikirana ndi thabwa, poti zikatalikira zimadya zala. Anayendetsa chala m'mbali mwa tizitsulo ta pakhosi kufufuza takuthwa. Kenako anapukuta pakamwa ndi dzanja la jekete, n'kuiluma.

"Aa! Madala!" Chrispin analumpha. "Gitala si chinangwa!"

Msika unafa ndi phwete. Nangozo anakoka mpango kubisa nkhope. A Fyson sanamve chilichonse. Anali atatsinzina, akukhudza nsambo yaikulu, kenako yaing'ono. Posakhalitsa anaibweza.

"Yafa iyi. Penti wachuluka, thabwa silikupuma. Mawu akungoti phwa n'kuthawa ngati wamenya chitini. Chikomekome cha mkuyu, achimwene."

Chrispin anafufuza zipsera pamutu wa gitala yake, koma sanazipeze, poti mano otsala m'kamwamo ndi owerengeka ndipo aphunzira ulemu. A Fyson anali atatenga kale yotuwa ija. Anaichita zonse zimene anachita inzake, kenako anailuma n'kukhudza nsambo yaikulu kamodzi kokha. Sanasunthe. Anthu anali atasiya kale kuimva nsamboyo, koma iwo anali akuimvabe, ndipo Nangozo anaona nkhope imene anaiona tsiku loyamba kuluma gitala lija ikubwerera pang'onopang'ono.

"Iyi ili moyo," anatero ataichotsa kukamwa. "Mawu akukhalitsa. Akutsika mpaka m'chifuwa, ndipo nsambo zazing'onozi sizikubaya. Amene anali nayo ankaiimba, sankaipachika pakhoma."

Anauza Chrispin kuti tsopano alowetse chingwe. Anavula nsapato imodzi n'kuponda pamwamba pa sipika, kenako anagwedeza chingwecho pamene chalowera. Ankafuna kuona ngati chikuthetheka, poti kuthetheka phazi limamva. Chinali bwino. Chrispin, amene tsopano anali atasiya kuseka, anakumbukira chimene amagulitsira magitala ake.

"Dikirani, madala. Simunaone zenizeni."

Anadina kabatani pambali pa gitala. Kagalasi kakang'ono ngati chikhadabo kanayaka. Anakhudza nsambo, kagetsi kanafiira. Anapotoza kiyi pang'onopang'ono, ndipo mwadzidzidzi kanabiriwira ngati tsamba la mpiru. 

A Fyson sanafune wowafotokozera. Anaikwatula gitalayo, kumasula nsambo dala, kofiira. Kuimanga, kobiriwira. Anachita nsambo ina, kenako ina, pakamwa pali pululu, mano osagwira ntchito. Anaseka kuseka kumene Nangozo anali atakuiwala.

"Nangozo, taonani! Kakumva aka! Kakumva ndithu!"

Nangozo anagwedeza mutu n'kumwetulira. Chinalidi chodabwitsa, ndipo sakanakana. Kanthu kochepa chonchija, kopanda khutu, kopanda fupa, kachita m'kanthawi kochepa ntchito imene iwo ankaichita atatseka chitseko. Anakondwera kuona mwamuna wake akuseka, ndipo nthawi yomweyo anamva ngati wina wamulanda mwana kumsana.

Nsambo zonse zitabiriwira, a Fyson anapondanso sipika n'kuyamba kuimba. Inu, gitala yotuwa ija! Mawu ake anatuluka okhuthala, oyera, n'kuyenda m'chifunga mpaka kwa ogulitsa kabichi. A kabaza anazimitsa njinga zawo. Inali nyimbo imene a Fyson anaipeka okha ali kumgodi, ya munthu wopempha Mulungu kuti asamusiye pansi pa nthaka ya eni, amufikitse kwawo. Ku Tsangano palibe amene sanaikepo m'bale wake ndi nyimbo imeneyi. Atafika poyambira mawu, anayang'ana mkazi wawo n'kukweza chibwano, monga achitira nthawi zonse.

Nangozo anatsegula pakamwa, koma nyimbo inali pamwamba. Anaithamangira, kuigwira movutikira, ndipo pofika pokwera mawu ake anasweka ngati a tambala wophunzira kulira. Anatsokomola n'kuyesanso. Anaswekanso pamalo omwewo. Amayi amene anali pafupi anagwetsa maso pansi.

Pamenepo ndi pamene anazindikira chinthu chimene sanachiganizepo. Mawu ake sanalinso pamene anali ali mtsikana. Zaka zonsezi akhala akutsika pang'onopang'ono, ndi ana, ndi chifuwa cha m'nyengo yozizira, ndi ukalamba, ndipo gitala ya ku Joni inkatsika naye limodzi popanda wodziwa. Kagetsi kankadziwa muyeso wa dziko lonse. Wa Nangozo sikankaudziwa. Ndiye anaona mapeto ake onse. Gitala yapeza khutu latsopano, ndipo posachedwa idzafunanso mawu atsopano, a atsikana a kwaya amene amakwera osavutika.

A Fyson sanamve kusweka kuja. Koma munthu amene wakhala zaka zambiri akuwerenga khosi la mkazi wake salephera kuona mitsempha ikakungika. Anaika dzanja pansambo, nyimbo inaduka. Anayang'ana kagetsi kobiriwira kaja, anayang'ana Nangozo, n'kutsitsa phazi pasipika.

"Nangozo, tembenukani."

Mawuwo anamveka mpaka kogulitsira nyama. Nangozo anamwaza maso. Anaona amayi anzake a mvano ataima ndi madengu. Anaona atsikana amene iye mwini anawalangiza. Anaona mkulu wa mpingo atagwira njinga yake. Anayendetsa milomo mopanda mawu, kuti iwo okha awerenge.

"Bambo a Tisungane, pano?"

Iwo anangoima, gitala m'manja, akudikira. Ndipo Nangozo anakumbukira khonde lija, ndi bambo wokhala chete akuyang'ana mapiri, ndi chitseko chosatsekedwa. Anavula chitenje chapamwamba, kuchiyala pambali pa matumba a mbatatesi, n'kukhala pansi atawafulatira. A Fyson anagwada. Chibwano chawo chinali chozizira, chinamveka ngakhale kudzera m'juzi. Wina kumbuyo anayamba kuseka, wina anamugunda ndi chigongono.

"Imbani."

Anatsinzina n'kukoka mawu ake aatali aja, pamalo pake, pamene pakhosi sipawawa. A Fyson anakhala pomwepo mpaka mpweya wake utatha. Kenako analuma gitala n'kupotoza kiyi. Kagetsi kanafiira.

"Mukuwononga, madala!" anatero Chrispin. "Inali bwinotu imeneyo!"

Panalibe womumva. Chibwano pamsana, mano pagitala, chibwano pamsana, mano pagitala. Nsambo yachiwiri inafiira, yachitatu inafiira, mpaka zonse. Chrispin anawerama kuyang'anitsitsa kagalasiko pamene a Fyson ankakhudza nsambo imodzimodzi, ndipo atadzuka mawu ake anali atachepa.

"Zonse zatsika mofanana," anatero, osauza munthu aliyense kwenikweni. "Palibe yaposa inzake. Mulungu wanga."

Anthu amene kwa zaka ankanong'onezana za mankhwala a ku Joni anali atawaona tsopano ndi maso awo, masana, pakati pa msika. Palibe anasekanso. Mkulu wa mpingo uja anavula chipewa.

A Fyson anakhala pathumba la mbatatesi, phazi pasipika, n'kuyambiranso. Gitalayo, itatsika, inamveka yakuya kuposa poyamba, ngati yapeza pokhala. Nangozo sanadzuke ndipo sanatembenuke. Anaimba ali chikhalire pachitenje, ndipo mawu ake analowa m'nyimbo monga phazi lilowera m'nsapato yakale. Pokwera paja anakwera osadziwa kuti wakwera. Amayi a mvano anayamba kuvomera chapansipansi, madengu ali pamutu. Mayi wina wa ku Mozambiki, wogulitsa nyemba, ankapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, mwina naye anali ndi wake amene anatsala pansi pa nthaka ya eni.

Nyimbo itatha, mbuzi inamveka ikulira kuseri kwa msika. Chrispin anatambasula dzanja kuti azimitse kagetsi, kamene kanali kakufiirabe, koma a Fyson anali atakaphimba kale ndi chala chachikulu. Anapereka gitala kwa Chrispin kuti aigwirire.

"Tatenga imeneyi," anatero. "Musaikhudze makiyi."

Nangozo anayamba kudzuka kuti akutumule chitenje, koma anamva dzanja paphewa. A Fyson anali atagwadanso kumbuyo kwake, gitala ili m'manja mwa Chrispin, popanda nsambo yoti achune. Anatsamiritsa chibwano pamalo pake paja. Kenako ananong'ona, kunong'ona kwawo kuja, ndipo msika wonse wa Tsangano unamva.

"Gitala yakhala kale bwino, Nangozo. Koma imbaninso pang'ono. Ndinakusowani."

Nangozo anayang'ana atsikana ake a chilangizo aja, amene anali atagwira pakamwa. Manyazi anawafunafuna mumtima mwake, sanawapeze. Anawongola msana kuti mawu adutse bwino, n'kuyamba kuimba.